Pakhonde pa Azakhali: Chopondera cha Agogo ndi Galimoto ya Waya

Okondedwa Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chilomoni. Sukulu atsekera, ndiye ana angoti mbwee m'nyumba, kulimbirana foni yanga kuyambira m'mawa mpaka moto kutha. Khisimasi ino tikukadyera kumudzi kwa apongozi anga ku Ntcheu. Vuto ndi lakuti mlamu wanga wa ku Joni nayenso akubwera, ndipo iyeyo akamabwera amachita kudzaza galimoto: mabulangete, nsapato, mafuta onunkhira. Ine m'thumba mwauma. Ndinaona pa Facebook azimayi akunja akupanga mphatso ndi ana awo, timakadi tonyezimira ndi tianthu ta chipale chofewa tomata ndi thonje. Nditapita kusitolo kukafunsa mitengo ya mapepala amitundumitundu, guluu ndi zonyezimira zija, ndinabwerako kukamwa kuli yasa. Kodi ndikatenge ngongole ku banki mkhonde? Nanga zinthu zopanga ana zingakhale mphatso yopatsa apongozi popanda kuchita nazo manyazi?

Ine wothedwa nzeru, Chilomoni.

Mwana wa achimwene anga,

Tayamba wandiuza, chipale chofewacho unachiona liti ku Chilomoni? Kunja kukutentha, mwana thukuta lili kamukamu, manja ali nyatanyata ndi mango, mvula ikuchita kuswa malata, iwe n'kumati tiyeni timate thonje. Apongozi ako akalandira kamunthu koyera kopanda miyendo adzakazunguza uku ndi uku, kenako adzakakwirira kuseri kwa nkhokwe poganiza kuti mwawabweretsera chithumwa. Azimayi unawaona pafoniwo sanalakwe. Kwawo Disembala ndi mwezi wa chisanu, ndiye akupanga zimene ana awo akuona pazenera. Iweyo tengako nzeru yakeyo, thonjelo uwasiyire.

Za ngongole usayerekeze. Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimaluma, ndipo zonyezimira zako zija ndi zochokera kunja. Januwale ali pakhomo, akudikira ndi fizi, yunifolomu, lendi, ndi feteleza wobereketsa wa kumudzi komwe ukupitako. Amayi a banki mkhonde sadzamva zoti ndalama zinathera pa guluu. Adzanyamula mapoto ako dzuwa likuswa mtengo, a neba akuonerera.

Tsono tikambe za manyazi, chifukwa kalata yakoyi ndaiwerenga kawiri ndipo ana ndawapezamo pang'ono. Yadzaza ndi mlamu wako. Manyaziwo ndi ako, ana alibe. Mwana wazaka zisanu ndi chimodzi akaumba ng'ombe yamiyendo itatu amainyamula pamwamba kuti mudzi wonse uone. Amayamba kuibisa kumbuyo tsiku limene waona nkhope ya mayi ake itachita tsinya. Mlamu wakoyo musiye abwere ndi mabulangete ake, Mulungu amudalitse, apongozi ako afunde. Mpikisano umenewo sungaupambane, ndipo palibe amene wakulembetsa. Koma ku Joni kulibe sitolo yogulitsa chinthu chopangidwa ndi manja a mdzukulu wawo. Katundu ameneyo ali ndi iwe wekha.

Komanso udziwe kuti alendo amakwera ndege kuchokera kutali n'kukafika ku Mua, m'boma la Dedza, kukagula ziboliboli pa malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Amalipira osanenerera, n'kuzikulunga bwinobwino m'masutikesi. Iwe uli pompano n'kumati chopangidwa ndi manja ndi cha amphawi.

Mawa m'mawa utenge jumbo upite kwa atelala. Mwezi uno makina sakupuma, aliyense akusoketsa ya Khisimasi, ndipo pansi pa tebulo pali mulu wa tizidutswa ta zitenje timene madzulo amangotisesa n'kutitentha. Upatse moni mwaulemu, ufunse za kunyumba, kenako upemphe. Ena adzakupatsa ulele, ena adzafuna ya Fanta. Ukatero upeze thumba lopanda kanthu, kaya la ufa, kaya la mpunga. La feteleza nalonso limagwira ntchito ndipo nyengo ino ali paliponse, koma ulichape ndi sopo, uliyanike liume, usanalipereke m'manja mwa mwana.

Ndi zinthu ziwirizi mupange chopondera cha pakhomo. Thumba ulidule likhale lalikulu moti mapazi awiri a munthu wamkulu akwanepo n'kutsalako malo, m'mbali upinde usoke kuti lisamasomphoke. Nsalu zija ana azidule tizingwe totalika ngati chala chapakati kuwirikiza kawiri. Kenako ndi kawaya kopinda kumapeto, kapena kamtengo kosongola, azilowetsa kansalu pa diso limodzi la thumba, kutulutsira pa lina, n'kumanga mfundo. Mzere ukatha ayambe wina, moyandikana kwambiri, kufikira thumba lisaonekenso. Wamng'ono azisankha mitundu, wapakati azidula, wamkulu azimanga. Sichitha tsiku limodzi ayi, ndipo ubwino wake ndi womwewo: foni yako ipumako. Ku Ntcheu mwezi uno n'kwamatope. Aliyense wolowa m'nyumba ya apongozi ako adzaponda pamenepo, ndipo aliyense adzauzidwa amene anapanga, afune asafune. Ngakhale mlamu wako adzapukutirapo nsapato zake za ku Joni.

Nsalu zotsala zikuluzikulu, mtsikana kapena mnyamata amene wayamba kugwira singano asoke kachikwama ka chingwe. Agogo ambiri foni amaimangirira pa mfundo ya chitenje pamodzi ndi ndalama za chopereka, ndipo ikalira amavutika kumasula mpaka woimbayo kutopa. Kachikwama kokoloweka m'khosi kathetsa mlandu umenewo.

Chaka chikutha, ndiye kalendala ili pakhomayo ntchito yake yatha. Usayatsire mbaula. Idule tizidutswa titalititali, kumodzi kotambalala, kwinako kosongoka. Mwana ayambire kotambalalako kukulunga pa kamtengo ka tsache, apake phala pang'ono kosongokako, amate, asolole kamtengo. Watuluka mkanda. Ikachuluka muitunge pa ulusi, azakhali awo a kumudzi akatchene nayo kutchalitchi. Ingowachenjezani kuti mvula ikawapeza panjira aibise.

Guluu wa kusitolo muiwale. Tenga supuni imodzi ya ufa wa chinangwa, usungunule m'kapu ya madzi ozizira, uthire m'kapoto, uzitakasa pamoto wochepa mpaka lilimbe n'kuyamba kuonekera mkati. Likazizira limamata pepala ndi katoni bwino lomwe. Uphike lochepa, chifukwa likagona masiku limasasa, ndipo zomwe mwamata muziike patali, poti mphemvu ndi makoswe nawonso amadya Khisimasi. Wamng'ono uja adzanyambitako. Usakuwe, ndi chinangwa.

Pa katoni ya sopo adule makadi, amatepo tinsalu, ndipo mkatimo alembe ndi dzanja lawo, m'Chichewa, zimene akufuna kuuza agogo. Usawalembere ndipo usawauze zolemba. Akalemba kuti agogo musaphe nkhuku yoyera ija, zisiye momwemo. Kalata yotero imakalowa m'Baibulo n'kukhala momwemo zaka, pamene nsapato za ku Joni zidang'ambika kale.

Dongo ndiye lilipo lambiri mvula ikagwa, la kudambo kapena la pachulu. Achotsemo timiyala ndi mizu, alikande mpaka lifewe, aumbe ng'ombe za linunda, timiphika, tinkhuku. Msampha wake ndi umodzi: nyengo ino zinthu siziuma msanga. Choumba lero sichingakwere minibasi mawa. Aumbe masiku akadalipo, aumitse pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, chifukwa chikauma mothamanga chimang'aluka. Kuotcha ndi ntchito ya wamkulu. Galimoto ndi magalasi a mapesi adikire mpaka tikolole, pano chimanga chikadali m'mawondo.

Apa ndisiye kaye nthabwala. Ana asapite okha kudambo kapena kumtsinje kukatapa dongo, madzi a Disembala amabwera mwadzidzidzi ngakhale pamene wayimapo sipanagwe mvula. Mabotolo ndi zigubu zimene munali mankhwala a mbewu kapena ophera tizilombo si zoseweretsa, ngakhale utatsuka. Nthanga za nsatsi, ndi tinthanga tija tofiira tokhala ndi kadiso kakuda, n'tokongola pa mkanda koma ndi poizoni, ndipo kuboola kumene n'koopsa. Lezala ndi mpeni zikhale m'manja mwako kapena mwa wamkulu uja, iwe uli pomwepo. Wina akadzicheka ndi waya kapena chitini chadzimbiri, tsuka bala ndi madzi ndi sopo, mupite kuchipatala, kafumbata sachita naye masewera.

Kwatsala chovuta kuposa zonse, ndipo ndikukudziwa, mwana wa achimwene anga, magazi athu ndi amodzi. Ana akagona udzafuna kudzuka usiku, kumasula mfundo zawo, kuongola mizere, kukonza mwendo wa ng'ombe. Manja ako uwakhalire. Ukakonza, mphatsoyo yasanduka yako, ndipo mwana adzazindikira m'mawa kuti zimene anapanga sizinakwane. Apongozi ako nawonso si ana. Adaluka, adasoka, adaumba iwe usanabadwe, ndipo amasiyanitsa mfundo ya mwana ndi mfundo ya mpongozi wofuna kutamandidwa. Chopondera chokhota ndicho chili ndi umboni. Ntchito yako ndi kupeza zipangizo, kuonetsa kamodzi, kuphika phala, ndi kuletsa ndewu ya sizasi.

Tsiku lopereka, usayambe ndi mawu aja akuti pepani amayi, chaka chino zinthu sizinayende. Ukangopepesa wanyoza ntchito ya ana pamaso pawo. Ana agwade, apereke ndi manja awiri, anene okha amene anadula ndi amene anamanga. Iwe uime kumbuyo utseke pakamwa. Ngati m'thumba mwatsala kenakake, shuga paketi imodzi ndi sopo ziperekezeko, poti chopondera sathira mu tiyi.

Azakhali ako.

Azakhali,

Mnyamata wanga ali Sitandade 8 ndipo mayeso ali pafupi. M'malo mowerenga, holide ino akungokhalira kupinda mawaya. Dzana wadula waya woyanikapo zovala wa mayi ake, akuti akupangira mng'ono wake galimoto ya Khisimasi. Ndamulanda, ndaibisa pamwamba pa kabati. Ndikufuna mundiuze chilango chomuyenera kuti asiye zachibwanazi.

Bambo wokwiya, Kasungu.

Bambo a ku Kasungu,

Mwa maboma onse a m'Malawi muno, kalata yotere ichokere ku Kasungu? Simunamve za mnyamata wa kwa Wimbe, kwanu komweko? William Kamkwamba adasiya sukulu ya sekondale chifukwa cha kusowa fizi pa njala ya 2002, n'kumakatolera zitsulo zotayidwa anthu akumunena kuti wapenga. Ndi njinga yakutha, chopemerera cha thirakitala ndi mitengo ya bulugamu adamanga makina oyendera mphepo amene adayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake ku Masitala. Mu 2007 adakalankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha, mu 2009 lidatuluka buku la mbiri yake, mu 2014 adamaliza maphunziro ku Dartmouth ku Amereka, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor adatulutsa filimu ya nkhani yomweyi. Bambo ake akadabisa zitsulo zija pamwamba pa kabati, bwenzi mukuonera chiyani?

Sindikunena kuti mwana aliyense wopinda waya adzakwera ndege. Ambiri sadzakwera. Koma tsitsani galimotoyo muiyang'ane bwino musanalankhulenso. Muone mmene walinganizira mateyala kuti onse agunde pansi, kaya ndi a zitini za polishi, kaya wadula patapata wakutha. Muone mmene chiwongolero chachitali chija chikukhotetsera mateyala akutsogolo, mmene wamangira mfundo ndi malegeni kuti isagwedere. Munthu wayeza, wayerekeza, walephera, wabwereza. Inu mukuti zachibwana. Kusukulu komwe mukumukankhirako kuli phunziro la Expressive Arts, ndipo aphunzitsi amavutika kuti ana ena agwire ngakhale singano. Mayi wina wa ku Amereka amene adakhalapo kuno, Karen Lynn Williams, adalemba buku la ana lotchedwa Galimoto mu 1990, lonena za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna mawaya, ndipo ana akunja akhala akuliwerenga m'sukulu zawo. Zimene ena akuphunzira m'buku, inu muli nazo pakabati zikudya fumbi.

Chinanso mwachilumpha m'kalata yanu yomwe. Mnyamata wa msinkhu umenewo, amene anzake akulirira foni ndi jini yatsopano, iye akupangira mng'ono wake mphatso popanda womutuma. Ana otere sagulitsa pamsika, bambo.

Mlandu ulipo, sindikukana. Waya wa mayi ake sanapemphe, ndipo zovala pano zikuyanikidwa pa mpanda mvula ili apa. Chilango chake n'chimenechi: apepese kwa mayi ake, apote chingwe cha khonje kapena agwire kaganyu agule waya wina, amange yekha. Mumuuzenso mosapsatira kuti mpanda wa eni ake sadula, ndipo waya wamagetsi, ngakhale wogwa pansi, sayandikira n'komwe. Mukatero mupite naye kwa okonza njinga kapena kwa owotcherera zitsulo mukamupemphere zotsala. Mugawane tsiku: m'mawa mabuku, dzuwa likapendeka mawaya. Kamkwamba yemweyo nzeru ya makina ake adaipeza m'buku la mulaibulale, ndiye mwana wanu asanamizire kuti waya amalowa m'malo mwa masamu.

Ndipo musandinamize. Usiku uja munaibisa, simunaiyendetseko pang'ono pabalaza anthu atagona?

Azakhali.

Azakhali,

Mdzukulu wanga chaka chatha anandipatsa kamphika kadongo kokhota kamene sikangaphike ngakhale dzira. Ndamva kuti chaka chino akuumba kena. Ndimuuze bwanji kuti asavutike?

Gogo, Area 25.

Anzanga a ku Area 25,

Musamuuze. Muikemo machesi, mabatani, singano kapena makiyi, mukaike poonekera, ndipo iye akabwera akapeze kakugwira ntchito. Ngati mtima ukukuwawani ndi kukhotako, khalani naye pansi mumuonetse mmene amayi anu ankakulungira mphika ndi mwala wosalala. Inu ndi ine tidaphunzira poononga dongo la eni ake, ndipo panalibe wotiuza kuti tisavutike. Kachiwirika mukalandire ndi nthungululu.

Azakhali.

Okondedwa Azakhali,

Amuna anga amawerenga tsamba lanu mlungu uliwonse. Chaka chatha pa Khisimasi anandipatsa mthiko wosema okha, amvekere mphatso ya manja ndiyo ya chikondi chenicheni. Sabata yomweyo anadzigulira nsapato zatsopano ndi jezi ya timu yawo. Chaka chino ndawaona akusema chipande kuseri kwa nyumba. Nditani?

Mayi wodandaula, Mzuzu.

Mwanawe,

Poti akuti amawerenga tsamba lino, tapatuka pang'ono ndilankhule nawo ndekha.

Akamwini, moni. Luso muli nalo, sindikutsutsa, ndipo chipandecho mumalize chifukwa pakhomo chimafunika. Koma mthiko ndi chipande ndi zida za ntchito. Mwapatsa mkazi wanu chovundulira nsima yoti mudye inu nomwe, n'kumati chikondi. Nanga iye atakupatsani khasu atalimanga riboni, mungavine? Zonse ndanena pamwambapa ndanenera ana, anthu opanda malipiro, amene chuma chawo chonse ndi manja ndi nthawi. Munthu wandevu amene ali ndi ya jezi ali ndi ya chitenje.

Ngati mukufunadi kupereka cha manja anu, njira ilipo ndipo siilira ndalama. Pa 25 mudzuke m'mamawa, muphe nkhuku, muisosole nokha, muphike mpunga, mutsuke mbale, mayi akhale pamkeka atatambalala. Pa 26 ndi holide, ndiye mubwereze. Ana aimirire pafupi aone bambo awo akugwira mthiko umene anasema okha.

Chitenje chikhale cha mamita anayi, akamwini, ndipo mtundu asankhe yekha.

Azakhali.